Mita yolipiriratu sikudya mayunitsi anu

Papita zaka chibwerere mamita olipiriratu magetsi, koma mphekesera ija siikutha: akuti mitayi anaikonza dala kuti izidya mayunitsi ngakhale zonse zitazimitsidwa. Ku Chibavi, ku Luwinga kuno ku Mzuzu, nyimbo ndi yomweyo, makamaka mu Juni ndi Julayi.

Yunitsi imodzi ndi mawatsi 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Hita ya mawatsi 2,000 ikayaka maola atatu, mayunitsi 6 apita, pomwe babu la mawatsi 10 limatenga maola 100 kuti limalize imodzi yokha. Ndiye ndi kuzizira kwa kuno ku Mzuzu, mukuyembekezera chiyani?

Yesani nokha. Zulani zonse m'masoketi, zimitsani mababu ndi giza yotenthetsera madzi, imene ambiri amaiiwala poti ili kudenga. Lembani nambala ya mayunitsi, mudikire ola limodzi. Ikatsika, kawirikawiri ndi waya wosendeka amene akutaya magetsi, kapena wina analumikizako mwakabisira. Zimitsani switchi yaikulu, muyesenso. Ikatsikabe, apo ndiye kanenani kwa ogulitsa magetsi adzaione mitayo.

Mukalandira mayunitsi ochepa pa ndalama yomweyo, werengani risiti: misonkho ndi mtengo wa yunitsi zili pamenepo. Chonde, musafalitse pa WhatsApp zimene simunayese.