Masupuni awiri a tomato ndi mkangano wa chakudya cha ana asukulu ku America

M'mwezi wa Novembala chaka cha 2011, aphungu a Nyumba ya Malamulo ya dziko la United States of America anavomereza bajeti ya maunduna angapo, ndipo m'kati mwa chikalata chachikulucho anabisamo ndime yokhudza masupuni awiri a tomato wogayagaya amene amapakidwa pa pizza. Ndimeyo inaletsa Unduna wa Zamalimidwe wa dzikolo kusintha kawerengedwe ka tomatoyo, motero masupuni awiri aja anapitiriza kuwerengedwa ngati theka la kapu ya ndiwo zamasamba pa mbale ya mwana wasukulu. Nyuzipepala zinachita nazo chipongwe, zikunena kuti aphungu alengeza kuti pizza ndi ndiwo zamasamba. Lamulolo silinalembe mawu amenewo, koma zotsatira zake zinali zomwezo, chifukwa sukulu inkatha kupereka chidutswa cha pizza n'kulemba m'kaundula kuti mwana wadya masamba a tsikulo.

Ife ogwira ntchito ya kadyedwe koyenera timavomereza kuti tomato wogayagaya ndi wokhathamira, popeza pamafunika tomato wambiri kuti papangidwe supuni imodzi, ndipo pamenepa ndi pamene makampani ogulitsa pizza wam'firiji anatsamira. Vuto ndi lakuti tomatoyo safika yekha m'mimba mwa mwana. Amabwera atakwera pa buledi wa ufa woyera, atafunda tchizi ndi mchere wochuluka, ndipo mwana amene wakhuta zimenezi sangafunenso karoti kapena nyemba. M'bajeti yomweyo aphungu anakananso maganizo ochepetsa mbatatesi kuti isapitirire kapu imodzi pa sabata pamodzi ndi chimanga ndi nsawawa. Amene anatsogolera kukanako anali a Susan Collins a ku Maine ndi a Mark Udall a ku Colorado, wina wa chipani cha Republican ndipo wina wa Democrat, koma onse ochokera kumadera olima mbatatesi yambiri. Apa tikuona kale kuti nkhaniyi siyenda motsata zipani zokha ayi. Imatsatanso minda ndi mafakitale a kumene phungu akuchokera.

Kuti timvetse chifukwa chake boma limalowerera mpaka pa supuni, tiyenera kubwerera ku chaka cha 1946, pamene pulezidenti Harry Truman anasainira lamulo lokhazikitsa pulogalamu ya nkhomaliro m'sukulu za dziko lonse. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anyamata ambiri anabwezedwa pa kalembera wa asilikali chifukwa matupi awo anali ofooka ndi kusadya mokwanira ali ana, ndipo akuluakulu a asilikali anadandaula za nkhaniyi pamaso pa aphungu. Panalinso cholinga china, chomwe chinali kupezera msika zokolola zotsala za alimi, ndipo n'chifukwa chake pulogalamuyi inaikidwa m'manja mwa Unduna wa Zamalimidwe, osati wa zamaphunziro kapena wa zaumoyo. Zolinga ziwirizi, kudyetsa mwana ndi kugulitsa malonda a mlimi, zakhala zikukokana kuyambira tsiku loyamba. M'chaka cha 1981, boma la a Ronald Reagan pofuna kuchepetsa ndalama linabweretsa maganizo amene akanalola kuti zokometsera monga tomato sosi ziziwerengedwa ngati ndiwo zamasamba, koma linawachotsa msanga anthu atakwiya.

Lero pulogalamuyi imadyetsa ana pafupifupi 30 miliyoni tsiku lililonse la sukulu, ndipo ambiri mwa iwo amadya ulere kapena pa mtengo wotsika chifukwa makolo awo ndi opeza movutikira. Boma limabwezera sukulu ndalama pa mbale iliyonse yoperekedwa, malinga ngati mbaleyo yakwaniritsa miyezo ya undunawu. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuigwira bwino, chifukwa anthu ambiri otsutsa amayankhula ngati boma lalowa m'khitchini ya kholo n'kuyamba kuvundukula mapoto. Mwana amene watenga kamba wake kunyumba sakhudzidwa ndi miyezo ya boma lalikulu. Miyezoyi imakhudza chakudya chogulidwa ndi ndalama za msonkho, kuphatikizapo zogulitsidwa m'kati mwa sukulu, ndipo wogula aliyense, kaya ndi boma kaya ndi mayi pamsika, ali ndi ufulu wonena mtundu wa katundu amene akufuna. Boma likapanda kunena, sikuti kholo ndi limene limasankha ayi, amasankha ndi wogulitsa amene mtengo wake ndi wotsikitsitsa.

Mkangano unafika pachimake ndi lamulo lotchedwa Healthy, Hunger-Free Kids Act, limene pulezidenti Barack Obama anasainira m'mwezi wa Disembala 2010, mothandizidwa kwambiri ndi mayi Michelle Obama amene anali atayambitsa kampeni yolimbana ndi kunenepa kodutsa muyezo pakati pa ana. Miyezo yatsopano inatuluka mu Januwale 2012, ndipo inachokera pa malangizo a akatswiri a bungwe la Institute of Medicine. Inalamula kuti zipatso ndi ndiwo zamasamba zizipezeka tsiku lililonse, ndipo mwana azitenga zosachepera theka la kapu kuti mbale yake iwerengedwe. Mkaka unayenera kukhala wopanda mafuta kapena wa mafuta ochepa kwambiri, mchere unayenera kutsika pang'onopang'ono m'magawo atatu, ndipo kwa nthawi yoyamba panaikidwa malire a pamwamba a mphamvu ya chakudya: makalori 650 kwa ana ang'onoang'ono, 700 kwa apakati, ndi 850 kwa a kusekondale.

Gawo limene owerenga a kwathu angalimve msanga ndi la ufa. Miyezoyi inafuna kuti pofika chaka cha 2014, buledi, mpunga ndi zina zonse zochokera ku mbewu zikhale ndi gawo lalikulu la ufa wosakonola, umene ife tingaufanizire ndi mgaiwa. Aliyense amene anayesapo kupereka nsima ya mgaiwa kwa mwana wozolowera ufa woyera akudziwa zimene zimachitika: mwanayo amatema nthongo imodzi, n'kuiyang'ana uku ndi uku, kenaka n'kunena kuti wakhuta, ngakhale mimba ikulira. Komatu gaga amene timachotsa pokonola ndi amene amanyamula mavitamini, michere yofunika m'thupi ndi timinyewa tothandiza m'mimba kugaya bwino. Sukulu za kum'mwera kwa America, kumene anthu amakonda tibuledi tawo tofewa ta ufa woyera ndi phala la chimanga chokonola, zinadandaula kuti ana akukana chakudya, ndipo dandaulo lawo linali lenileni.

Otsutsa miyezoyi anali a mitundu itatu, ndipo kulakwitsa kwa ambiri n'kuwaika m'thumba limodzi. Gulu loyamba ndi la andale okhulupirira kuti boma lisamalowerere m'moyo wa banja. Mayi Sarah Palin, amene anali bwanamkubwa wa Alaska, anafika pa sukulu ina ku Pennsylvania mu Novembala 2010 atanyamula mabisiketi otsekemera, pofuna kuonetsa kuti zimene mwana akudya ndi nkhani ya makolo ake. Gulu lachiwiri ndi la makampani a zakudya, amene tawaona kale pa nkhani ya tomato ndi mbatatesi. Gulu lachitatu, limene ine ndikuona kuti linali ndi mfundo zomveka kuposa ena onse, ndi la oyang'anira makhitchini a m'sukulu. Bungwe lawo la School Nutrition Association linali litaikira kumbuyo lamulo la 2010, koma pofika 2014 linayamba kupempha aphungu kuti afewetse miyezo, ngakhale kuti ena anakayikira kuti mawu ake akuchokera kwa makampani amene amalithandiza ndi ndalama.

Tangoganizirani mayi woyang'anira khitchini imene iyenera kudyetsa ana mazanamazana pasanathe maola awiri. Lamulo lija linawonjezera masenti 6 okha pa mbale iliyonse, pomwe zipatso zatsopano ndi zodula kuposa tchipisi wam'firiji, ndipo zimafuna munthu wotsuka, wosenda ndi wodula. Makhitchini ambiri anamangidwa ndi cholinga chongotenthetsa chakudya chophikidwa kale kufakitale, ndiye mulibe malo okwanira osendera, ngakhale firiji yaikulu yosungira masamba. Mayiyu amaimirira pafupi ndi bini n'kumaona apozi wathunthu, wosalumidwa ngakhale kamodzi, akugwera m'zinyalala chifukwa mwana anakakamizidwa kumutenga kuti mbale yake iwerengedwe. Amadziwanso kuti mwana wolipira yekha akaleka kugula nkhomaliro ya pasukulu, ndalama za khitchini zimatsika. Munthu wotere akadandaula sikuti akudana ndi thanzi la ana. Ndipo apa mpofunika kukumbukira chinthu china chowawa, chakuti gawo lina la madola 4.5 biliyoni amene lamuloli linafuna linapezeka podula thandizo la chakudya lopita kwa mabanja osauka, kutanthauza kuti anatapa m'nkhokwe ya pakhomo kuti adzaze mbale ya kusukulu.

Ophunzira nawonso sanakhale chete. M'chaka cha 2012, ana a sukulu ina ya sekondale ku Kansas anajambula kanema wosonyeza osewera mpira akugwa ndi njala, ndipo kanemayo anafalikira kwambiri pa intaneti. Pa mfundo iyi anali ndi chifukwa, pakuti mnyamata wa zaka 17 amene amathamanga masana onse safuna chakudya chofanana ndi mnzake wongokhala. Unduna unamva, ndipo unachotsa malire a pamwamba a nyama ndi zakudya zokhutitsa, poyamba mongoyembekezera, kenaka kotheratu mu 2014.

Nanga umboni ukuti chiyani? Kafukufuku wamkulu amene undunawu unatulutsa mu 2019 anayeza ubwino wa nkhomaliro pa muyezo wofika 100, ndipo anapeza kuti unakwera kuchoka pa 58 lamulo lisanabwere kufika pafupifupi 82 m'chaka cha sukulu cha 2014 mpaka 2015. Pa nkhani ya chakudya chotayidwa, akatswiri ochita kafukufuku amene anayeza mbale za ana asanadye ndi atadya anapeza kuti ana ankataya kale masamba ambiri miyezo isanasinthe, ndipo kutayako sikunakule monga mmene ankanenera andale. Apozi wa m'bini uja analipo ndithu, koma analiponso kale, kungoti kunalibe amene ankamujambula. Kafukufuku wina anasonyeza kuti ana amene ali ndi mphindi zosakwana 20 zokhala pansi n'kudya amasiya chakudya chambiri, makamaka masamba ndi mkaka. Izi n'zosadabwitsa, chifukwa karoti wosaphika amafuna kutafuna pomwe tchipisi amangomezedwa. Tikudziwanso kuti mwana amafunika kulawa chakudya chachilendo kangapo, nthawi zina kakhumi kapena kuposerapo, asanachizolowere, ndiye kuweruza miyezo pa miyezi yoyambirira kunali kufulumira.

Boma litasintha, nduna yatsopano ya zamalimidwe, a Sonny Perdue, inapita kukadya nkhomaliro pa sukulu ina ya pulayimale ku Leesburg m'chigawo cha Virginia pa 1 Meyi 2017, ndipo inalengeza kuti miyezo ifewetsedwa. Lamulo lomaliza la mu Disembala 2018 linabweza ufa wosakonola kuti ukhale theka lokha la zoperekedwa, linalola mkaka wa chokoleti wokhala ndi mafuta pang'ono, linachedwetsa gawo lachiwiri lochepetsa mchere n'kufafaniziratu lachitatu. Mu Epulo 2020 khoti la ku Maryland linathetsa lamulo limeneli, koma chifukwa chake sichinali cha zaumoyo. Woweruza anapeza kuti unduna unasintha zinthu zimene sunadziwitse anthu mokwanira pamene unkafunsa maganizo awo. Kwa ife a ntchito imeneyi, gawo la mchere ndi limene linali lodetsa nkhawa, chifukwa lilime lozolowera mchere wambiri paubwana ndi limene limadzafika kuchipatala ndi kuthamanga kwa magazi pa ukulu, ndipo makampani sangasinthe kaphikidwe ngati akudziwa kuti boma lotsatira lidzasintha maganizo.

Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zonsezi, pamene anthu ankakangana za mafuta ndi mchere, shuga wothira analibe malire ake m'chakudya cha pasukulu, ndipo kadzutsa ndi amene ankadzaza kwambiri ndi zotsekemera. Mpata umenewu unatsekedwa mu Epulo 2024, pamene unduna motsogozedwa ndi a Tom Vilsack unalamula kuti kuyambira 2025 pakhale malire a shuga mu yogati, mu mkaka wokometsera ndi m'zakudya zam'mawa za m'mapaketi, ndipo kuyambira 2027 shuga wothira asafike pa magawo 10 pa 100 alionse a makalori a sabata yonse. Panali maganizo oti mkaka wa chokoleti uchotsedwe kwa ana a pulayimale, koma alimi a ng'ombe zamkaka ndi oyang'anira makhitchini anakana, akunena kuti ana angosiyiratu kumwa mkaka. Unduna unagonja pa mfundo imeneyo, ndipo mkakawo unatsala ndi malire a magalamu 10 a shuga wothira pa kapu imodzi, omwe ndi pafupifupi timasupuni tiwiri ndi theka ta tiyi.