Firiji Siyeretsa Nyama Yofa Yokha

Abambo ndi amayi, nyengo ya zikondwerero yayandikira. Ambiri mwayamba kale kusonkherana ndalama zogulira mbuzi, nkhumba kapena mwendo wa ng'ombe, kuti muzinge nokha pakhomo, mudule nthuli n'kusunga mufiriji podikira tsiku lootcha. Zimenezo palibe akukuletsani. Chatidetsa nkhawa ife a zaumoyo ndi mawu amene akumveka m'misika ndi pamalo ootchera kanyenya, akuti: "Ingoiponyani mu deep freezer masiku atatu, chilichonse chili m'nyamamo chifa ndi kuzizira." Limeneli ndi bodza, ndipo likhoza kugonetsa banja lonse m'chipatala tsiku limodzi.

Kuzizira sikupha majeremusi amene tikuwaopawa. Firiji youmitsa bwino imafika pa madigiri 18 pansi pa ziro, ndipo pamenepo majeremusi amangoleka kuswana. Amagona chabe. Nyama ikasungunuka amadzuka n'kupitiriza pamene analekezera. Mukaikamo nyama yodwala lero, pa Khirisimasi mudzatulutsa nyama yodwala yomweyo.

Matenda obwera kudzera m'nyama alipo ambiri. Majeremusi a salmonella, amene amakonda kupezeka m'nkhuku yaiwisi, amayambitsa kutsegula m'mimba ndi kusanza. Nyama ya nkhumba yokhala ndi timatuza toyera tonga mpunga, tija ena amati masese, imapatsa munthu njoka yam'mimba, choncho mukaiona musadye ndipo musagulitse. Zina zimachokera ku uve wa pophera: mpeni wosatsuka, madzi akuda, ntchentche, ndowe yam'matumbo kutayikira pamnofu. Zonsezi munaziphunzira kale ku sikelo ndi pamisonkhano ya kumudzi. Koma nthenda imene tikufuna kuti muimvetse bwino lero ndi anthrax, chifukwa ndi imene imabwera ndi nyama yotchipa ija.

Anthrax imagwira ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nyama zam'tchire monga mvuu. Kachilombo kake, Bacillus anthracis, kakakumana ndi mpweya kamadzikuta m'chikamba cholimba, ndipo katero kamatha kukhala m'dothi zaka makumi angapo, dzuwa likuwomba, mvula ikugwa, iko kali moyo. Nanga kachilombo kopirira chotere, madzi oundana a mufiriji yanu angakachite chiyani? Kuwamba nyamayo pautsi, kuifutsa kapena kuithira mchere wambiri nakonso sikuthandiza.

Si nkhani yakutali iyi. Mu 2011, anthu oposa 500 anadwala m'boma la Chama ku Zambia atasenda ndi kudya mvuu zofa zokha mumtsinje wa Luangwa. Kumapeto kwa 2018 mvuu zambiri zinafa ndi nthenda yomweyi mumtsinje wa Shire ku Liwonde. Mu 2023 inabukanso ku Sinazongwe, kumwera kwa Zambia, ndipo pofika pa 20 November chaka chimenecho bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati anthu 684 m'dziko lonse la Zambia ankaganiziridwa kuti agwidwa nayo, anayi atamwalira. Chaka chomwecho Malawi ndi Zimbabwe anali m'gulu la mayiko asanu amene nthendayi inapezeka. Ziweto ndi nyama zimadutsa malire tsiku lililonse, ndipo wokugulitsani mwendo wa ng'ombe pamsewu sakuuzani kuti inafa bwanji.

Chiweto cha anthrax nthawi zambiri chimafa mwadzidzidzi. Madzulo chinali kudya msipu bwinobwino, m'mawa mwachipeza chili gone m'khola. Mimba imatupa msanga, thupi siliuma gwa monga chimachitira chakufa china, ndipo m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo mumatuluka magazi akuda osaundana. Mukaona zimenezi, musayandikire ndi mpeni. Tikudziwa kuti kutaya ng'ombe n'kowawa. Ndi fizi ya mwana imeneyo, ndi feteleza wa chaka chonse. N'chifukwa chake mwini amathamangira kusenda kuti apulumutseko kangachepe, ndipo amene ali ndi firiji kutauni amaona ngati mwayi wamugwera. Koma ngozi yoyamba ili pa kusenda pomwepo, nyama isanafike n'komwe pamoto. Magazi aja akakhudza kabala kakang'ono pachala, kapena pamene munadzikanda ndi minga, kachilombo kalowa. Wonyamula chikopa paphewa, mayi wotsuka matumbo, mwana wogwirizira mwendo, onsewo ali pangozi. Mukatumbula chakufacho mumadetsanso dothi la pakhomo panu, ndipo ziweto zotsala zidzadya msipu pamenepo. Chisiyeni chosatumbula, thamangitsani agalu ndi ana, ndipo itanani mlangizi wa ziweto. Iye ndi amene angakuuzeni katenthedwe kapena kakwiriridwe kake.

Tsono kwa inu amene mwagula chiweto chamoyo, chathanzi. Ngati pafupi pali malo ophera ovomerezeka, kaphetseni kumeneko kuti nyama ipimidwe. Mukaphera pakhomo, pherani m'mamawa kusanatenthe, poyera, nyama yopachika osati yogoneka pansi. Matumbo achoke osaboola, aikidwe m'beseni lawolawo. Amene ali ndi bala m'manja asagwire. Dulani nthuli zazing'ono, muike m'mapepala apulasitiki zokwanira kuotcha kamodzi, n'kulowetsa mufiriji nthawi yomweyo. Chimwendo chonse chathunthu chimauma kunja kokha, mkati mwa pafupa muli mofunda kwa maola ambiri, ndipo kuola kumayambira m'menemo. Majeremusi amaswana mofulumira pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndiye kutentha kwa masana athu kuli pakati penipeni.

Magetsi akathima musamatsegule firiji kuti muone ngati nyama ikadali bwino. Yodzaza, yosatsegulidwa, imasunga kuzizira pafupifupi masiku awiri. Yofika theka, tsiku limodzi. Ndinatsegulapo firiji ina pakhomo pamene anthu anadwala m'mimba. Pamwamba nyama inali gwa ngati mwala, mwini wake n'kumaigogoda ndi chala kuti ndimve. Koma pansi panali chimadzi chofiira choundana, chokhuthala ngati chikhatho, mapepala onse atamatirira m'menemo. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti nyama inasungunuka, magazi anatsika, kenaka magetsi atayaka inaumanso. Kuumanso kuja sikunabweze kalikonse. Nyama imene inasungunuka n'kufunda, itayeni, ngakhale isakununkha.

Posungunula, tsitsirani nyama m'chipinda chozizira cha firiji usiku wonse, ili m'mbale kuti madzi ake asadonthere pa zakudya zina. Musaiyanike padzuwa kapena padenga la galimoto. Pootcha, dikirani makala ayake bwino, malawi atsike. Moto wamalawi umapsereza kunja, mkati muli magazi. Chekani nthuli yaikulu muone pafupa: pasakhale pofiira, madzi ake atuluke oyera. Nkhuku ndi nkhumba ndiye zimafunika kupsa kwenikweni. Mbale imene munanyamulira yaiwisi isalandire yakupsa, ndipo mpeni wodulira nyama usadulire tomato ndi anyezi wa saladi usanatsukidwe ndi sopo. Yotsala isakhale patebulo kupitirira maola awiri. Koma tibwereze: malangizo onsewa ndi a nyama ya chiweto chimene chinaphedwa chili bwino. Yofa yokha ilibe kaotchedwe koyenera, ndipo mowa kapena tsabola siziichotsa poizoni.

Ngati munasenda, kunyamula kapena kudya nyama yokayikitsa, dziyang'anireni kwa sabata yonse ndi kupitirira. Pakhungu, anthrax imayamba ngati kachiphuphu koyabwa, konga polumidwa ndi kachilombo, kawirikawiri pamkono, pakhosi kapena kumaso. Kamasanduka thuza, thuza n'kuphulika, n'kusiya chilonda chakuda pakati ngati khala, m'mbali motupa. Chilondachi nthawi zambiri sichipweteka, ndipo apa ndi pamene anthu amachedwera. Amati tione kaye, amapakapo phulusa, ena mafuta agalimoto, ena amathamangira kukatemera poganiza kuti awalodza. Popanda mankhwala, munthu mmodzi mwa asanu alionse a chilonda chotere akhoza kumwalira. Ya m'mimba ndiyo yoopsa koposa: kutentha thupi, kupotokola, kusanza, nthawi zina magazi, ndi chimbudzi chamagazi. Imeneyi siyodikira kuti kuche.

Mankhwala ake alipo kuchipatala ndipo amagwira ntchito mukafika msanga. Musagule makapisozi pagolosale n'kumwa awiri. Mukafika, nenani zoona: "Ndinasenda ng'ombe yofa yokha," kapena "Tinadya nyama yogula pamsewu." Palibe akukumangani chifukwa chonena. Dokotala akadziwa zimenezi sataya nthawi kufufuza malungo okha. Ngati chipatala chili kutali, imbani 929, nambala yaulere ya Chipatala cha pa Foni, koma mukuimba muli kukonzeka ulendo.

Kwa inu amene nyama yotere ili kale mufiriji pamene mukuwerenga uthengawu: musaiotche, musaigawire abale, musaigulitse kwa ootcha kanyenya, musaiponyere agalu. Musaigwirenso ndi manja. Tsekani firijiyo, uzani mlangizi wa zaumoyo kapena wa ziweto wa dera lanu lero lomwe, ndipo mutchule aliyense amene munamugawirako kuti timupeze asanaiike pamoto.