Ka f(x) kaja kamene kamaopseza ana a sekondale

Ana ambiri amayenda bwinobwino ndi masamu mpaka tsiku lomwe aphunzitsi alemba f(x) pa bolodi, basi kuyambira pamenepo nkhope zonse zagwa. Ine ndimaphunzitsa masamu kuno ku Salima ndipo chomwe chimandiwawa ndichoti mutu wa ma function siwovuta ayi, mwana wakuno amaudziwa kale asanalowe nkomwe mkalasi, kungoti palibe anamuuzapo kuti mawerengero amene amachita akatumidwa kumsika aja ndi omwewa. Ndiye ndati ndilembeko, kulembera ana eni akewo komanso inu makolo amene mwana akabwera ndi kope mumangoti aaa zimenezo ukafunse aphunzitsi ako.

Function ndi lamulo basi. Mumalipatsa nambala, ilo limakubwezerani nambala, ndipo pagona nkhani ndi apa: nambala imodzi mukailowetsa yankho lake limakhala limodzi lomwelo, lero, mawa, ngakhale mkuja. Taganizani za chigayo. f ndi dzina la chigayocho, x ndi chimanga chomwe mwathira, f(x) ndi ufa womwe watuluka. Ndiye mukaona f(3) musamawerenge kuti f kutaimusa ndi 3, ayi ndithu, akutanthauza kuti thirani 3 mu lamulo lotchedwa f muone chituluke nchiyani. Mabulaketi amenewa ndi amene amasokoneza, poti kuyambira Fomu 1 mwana anazolowera kuti 2(3) ndi 6, ndiye nzomveka kuti akaona f(3) mutu umathamangira komweko. Kalembedwe kameneka anakayambitsa ndi katswiri wa masamu wa ku Switzerland, Leonhard Euler, mchaka cha 1734, ndipo f yo si yamatsenga, mutha kulemba g kapena h palibe chosintha.

Tiyeni titenge mayi wa geni ya usipa amene amanyamuka pa boma kukapikula ku Senga Bay. Mitengoyi ndikungoyerekeza, musandigwire nayo, inu muyikepo ya lero. Tinene kuti thiransipoti kupita ndi kubwera ndi K6,000, ndowa imodzi ya usipa ndi K15,000, ndipo tingoti katundu sakumulipiritsa. Ndalama zomwe awononge zikutengera kuchuluka kwa ndowa zomwe agule, ndiye ndowazo tizitche x, lamulo lake likhala f(x) = 15000x + 6000. Akagula ndowa zitatu, f(3) = 45000 + 6000 = 51000. Mayiwo sanamvepo za Euler koma funsoli akuyankhani musanatulutse nkomwe foni mthumba.

Nanga f(0)? Ana ambiri amathamangira kunena kuti ziro, poti mmutu mwawo ziro ukamulowetsa penapake zonse zimafa. Koma taganizani, mayi afika kunyanja apeza kwachita mwera, asodzi sanalowe, usipa kulibe, abwerera chimanjamanja. Kodi wa galimoto awabwezera ndalama? Ayi. f(0) = 6000. Nambala yoima payokha ija, yopanda x, ndi ndalama yomwe imatuluka olo musagule kanthu, ndipo mukajambula graph yake mzere wake suyambira pa ziro, umayambira pa 6000 kenako nkumakwera ndi 15000 pa ndowa iliyonse. Kukwera kumeneko ndi komwe mkalasi timati gradient.

Pali cholakwa china chomwe ndimachiona chaka ndi chaka, mwana kulemba kuti f(2) + f(3) ndi chimodzimodzi f(5), poti 2 kuphatikiza 3 ndi 5. Tawerengerani nokha. f(2) ndi 36000, f(3) ndi 51000, zonse pamodzi 87000, pomwe f(5) ndi 81000. K6,000 yasiyanayo yachokera kuti? Kugula ndowa ziwiri Lolemba ndi zitatu Lachinayi ndi maulendo awiri, thiransipoti mwalipira kawiri, pomwe kugula zisanu pakamodzi ndi ulendo umodzi. Mwana akamva choncho saiwalanso, ndipo nchifukwa chake ine sindigwirizana ndi kaphunzitsidwe kongopatsa ana fomula ndi masamu makumi awiri oti alowetse manambala asanamve kuti lamulolo likunena chiyani, amakhoza tsiku limenelo inde koma pofika mayeso a MSCE zonse zauluka.

Tsopano zija ndanena zoti yankho limakhala limodzi. Tengani mayina a ana mkalasi mbali ino, mayina a amayi awo owabereka mbali inayo, mujambule mivi kuchoka kwa mwana kupita kwa mayi ake. Mwana aliyense muvi wake ndi umodzi, ndiye imeneyo ndi function. Ana awiri apachibale mivi yawo ikathera kwa mayi mmodzi palibe vuto, nzololedwa. Koma mukatembenuza, muvi uzichoka kwa mayi kupita kwa mwana, mayi wa ana anayi atulutsa mivi inayi, ndiye mukafunsa kuti mwana wa mayi uje ndani yankho silikhala limodzi, imeneyo si function. Zolowa zambiri kugawana yankho limodzi zimatheka, cholowa chimodzi kukhala ndi mayankho awiri sizitheka. Pepala lija limamatidwa pa kabenchi ka ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba ndi chitsanzo chabwino kwambiri, ndalama zotapa anaziika mmagulu, kuyambira pakuti kulekeza pakuti chaji yake ndi yakuti, ndiye anthu awiri otapa ndalama zosiyana pang'ono amatha kudulidwa mofanana, koma ndalama imodzi singakhale ndi machaji awiri papepala lomwelo. Imeneyonso ndi function ngakhale ilibe x olo mmodzi, ndipo graph yake imakwera ngati masitepe osati mzere wowongoka. Mukapatsidwa graph nkufunsidwa ngati ndi function, imikani rula chilili muziyiyendetsa kuchoka kumanzere kupita kumanja, ikangogunda mzerewo pawiri nthawi imodzi ndiye kuti si function.

Kulowetsa manambala pakokha ndi ntchito yophweka koma ndi pomwe malikisi amatayikira mwaulere, makamaka nambala ikakhala negetivu. Tengani f(x) = x² − 3x, akufunsani f(−2). Malangizo anga ndi amodzi ndipo ndimawabwereza mpaka ana kutopa nane: paliponse pali x yambani mwaika mabulaketi opanda kanthu, kenako nambala ija muyilowetse mkatimo. Zikhala (−2)² − 3(−2), yomwe ndi 4 + 6, ansala 10. Wosaika mabulaketi amapeza 2 kapena −2, ndipo kakyuleta simupulumutsa, poti mukangodina −2² popanda mabulaketi imakupatsani −4, iyo imayamba yapanga sikweya 2 kenako nkuikapo mainasi. Chimodzimodzi akakupatsani f(x) = 2x + 5 nkufunsa f(a + 1), musanjenjemere poona chilembo, chalowa ndi a + 1 yense wathunthu, ndiye 2(a + 1) + 5 = 2a + 7. Amene amapeza 2a + 6 ndi uja wataimusa a yekha nkumusiya 1 panja.

Mawu awiri aja, domain ndi range, amamveka ngati zinthu zazikulu koma domain ndi manambala omwe akuloledwa kulowa, range ndi mayankho omwe angathe kutuluka. Kwa mayi wa usipa uja x sangakhale −3, palibe amagula ndowa zochepera ziro. Pa lamulo ngati g(x) = 1/(x − 4), nambala iliyonse ilowa kupatula 4, chifukwa 4 akalowa pansi patsala ziro ndipo kugawa ndi ziro kulibe yankho. Ana amaloweza zimenezi osadziwa chifukwa chake, chonsecho nchapafupi: 12 kugawa ndi 3 ndi 4 chifukwa 4 kutaimusa 3 ikubweza 12, nanga 12 kugawa ndi ziro, ndi nambala iti yomwe mungaitaimuse ndi ziro nkukupatsani 12? Palibe. Za range sinditaya nthawi, ingoonani x², mulowetse chilichonse chomwe mukufuna, negetivu satulukamo.

Funso lomwe limasiyanitsa mwana womvetsa ndi woloweza ndi lobwerera chammbuyo. f(6) ndi f(x) = 6 si funso limodzi ngakhale zikuoneka ngati zofanana. Loyamba akupatsani cholowa, akufuna chotuluka. Lachiwiri akupatsani chotuluka, akufuna mupeze chomwe chinalowa. Mayi uja ali ndi K96,000 pa mpango, agula ndowa zingati? Apa ndiye kuti 15000x + 6000 = 96000, muyambe mwachotsa ya thiransipoti patsala 90000, mugawe ndi 15000, ndowa 6. Taonani dongosolo lake, popita tinayamba kutaimusa kenako kuphatikiza, pobwerera tayamba kuchotsera kenako kugawa, chomwe chinali chomaliza ndi chomwe chimayamba kumasulidwa. Akadzafika pa inverse function, ija amalemba f ndi ka −1 pamwamba, ndi zomwezi basi palibe chachilendo.

Inu makolo simukufunika kudziwa algebra kuti muthandizepo. Mwana akamawerenga mufunseni kuti pa samu imeneyi chikulowa nchiyani, chikutuluka nchiyani, ndipo lamulo lake alinene mChichewa osayang'ana mkope. Akatha, mupatseni iyi: mayi yemwe uja ali ndi K100,000, agula ndowa zingati? Kakyuleta imupatsa 6.2666 nkumapitirira, ndipo mwana amene wamva nkhaniyi sakopera zimenezo, akuuzani kuti ngati kunyanjako sakugulitsa ndowa yoduka ndiye agula 6, K4,000 ibwerera kunyumba.