Mkangano wa 1929 umene unabala buku la The River Between

Amene anawerengapo The River Between, buku la Ngugi wa Thiong'o la mu 1965, samuiwala Muthoni, mwana wa mlaliki Joshua. Mtsikanayu anathawa kwawo ku Makuyu n'kupita kwa azakhali ake ku Kameno, kutsidya kwa mtsinje wa Honia, kuti akavinidwe. Chikhristu sanachitaye ayi, ankangofuna kuti nayenso azionedwa ngati mkazi wokwanira pamwambo wa Agikuyu, mtundu wa anthu a ku Kenya. Bala la mdulidwe linatukusira, mwana n'kumwalira.

Anthuwa ndi ongopeka, koma mkangano wa mdulidwe wa atsikana unachitikadi ku Kenya. Mu 1929, Dr John Arthur wa mishoni ya Church of Scotland, mpingo womwe uja unatsegula mishoni ya Blantyre kwathu kuno, analamula akhristu ake kuti alumbire kuti aleka mdulidwe wa atsikana, mbali ya chinamwali chotchedwa irua. Ovomera anawatcha a kirore, kutanthauza chidindo cha chala, pomwe okana anadzitcha karing'a, Agikuyu enieni. M'matchalitchi ena munatsala mabenchi okhaokha. Kunabukanso nyimbo ya muthirigu yonyoza amishoni ndi owatsatira, mpaka boma la atsamunda linailetsa.

Kunena zoona, dokotalayo sankanama, chifukwa kuchipatala ankaona amayi odulidwa akuzunzika pobereka. Koma anthu amene minda yawo yachonde inali italandidwa ndi azungu akanamumvera bwanji? Kwa iwo, wolanda munda ndi woletsa mwambo anali pachibale. Bungwe la ndale la Agikuyu la Kikuyu Central Association, lomwe mlembi wake anali Jomo Kenyatta, linaima kumbali ya mwambo.

Chochititsa chidwi n'chakuti okanawo sanathawe sukulu. Ana awo atatsekeredwa kunja ndi amishoni, makolo anasonkherana n'kumanga sukulu ndi matchalitchi awoawo. Ngugi, yemwe anabadwa mu 1938, anaphunzirapo pa imodzi mwa sukuluzi, ya Manguo. Nkhondo ya Mau Mau yolimbana ndi atsamunda itayamba mu 1952, boma linatseka zina, zina n'kuzilanda.

N'chifukwa chake Waiyaki, mwininkhani wa m'bukuli, ndi mnyamata wovinidwa amene anaphunzira kumishoni n'kudzatsegula sukulu kwawo. Ankafuna kulunzanitsa mbali ziwirizi, koma atakondana ndi Nyambura, mkulu wake wa Muthoni yemwe anali wosavinidwa, anthu omwe ankamutama aja anam'pereka m'manja mwa akuluakulu kuti amuweruze.