Thou, mawu a "iwe" amene anasanduka a m'pemphero

M'mipingo yopemphera m'Chingerezi mkangano wa mawu a "thou" ndi "you" sunathe. Ena amakakamira Baibulo la King James la 1611, ati "thou" ndiye woyenera Mulungu, "you" ngwa kumsika. Koma kalekale "thou" anali "iwe" basi, wa munthu mmodzi, ndipo "ye" anali wa gulu. Ife timati "dzina lanu liyeretsedwe", pomwe "thy name" kwenikweni ndi "dzina lako".

Cha m'ma 1200, potengera Chifalansa chimene chinalowa ku England ndi nkhondo ya 1066, anthu anayamba kulemekeza akuluakulu ndi "ye", kenako "you". "Thou" anatsalira ana, antchito, okondana ndi munthu amene ukufuna kumunyoza. Pamlandu woukira mfumu umene Walter Raleigh anaimbidwa ku Winchester mu 1603, loya wa boma Edward Coke anamunena "thou" mwadala, n'kulengeza poyera kuti woukira mfumu ndi wa "thou".

Zinafika povuta m'ma 1650. George Fox ndi gulu lake lachikhristu la ma Quaker anakana kupatsa munthu mmodzi mawu a anthu ambiri. Ankati limenelo ndi bodza lokometsera odzikuza, choncho woweruza, wansembe ngakhale kholo ankamuti "thou", chipewa chili kumutu. Mu 1660 Fox ndi anzake anatulutsa buku lathunthu losonyeza kuti zilankhulo zambirimbiri zimasiyanitsa mmodzi ndi ambiri. Ankamenyedwa nazo. Thomas Ellwood, mnyamata wa ku Oxfordshire amene analowa gululi, analemba kuti bambo ake anamukhoma nkhonya, namuopseza kuti akadzangomvanso "thou" amugulula mano. Zoona, nkhaniyi timaimva kwa Ellwood yekha, m'buku lotuluka mu 1714 iye atamwalira, ndipo ma Quaker ankasunga mosamala mbiri ya mazunzo awo. Komabe mkwiyo wa bamboyo ndi womveka kwa aliyense amene anaonapo mwana akunena mkulu kuti "iwe". Akatswiri amasiyana ngati ma Quaker ndiwo anafulumizitsa kutha kwa mawuwa, poti ena sankafuna kuganiziridwa kuti ndi a gululo, kapena anali akutha kale. Pofika 1700, m'Chingerezi cha ophunzira a ku London anali atazimirira, ngakhale ku Yorkshire, kumpoto kwa England, "tha" ("thou" wakumeneko) akumvekabe.

Omasulira Baibulo la 1611 lija anangotsata William Tyndale, womasulira Baibulo m'Chingerezi wa m'ma 1500, posiyanitsa mmodzi ndi ambiri monga m'Chigiriki. Pa Luka 22:31-32 Satana wapempha kuti apete "you", ophunzira onse, koma Yesu wapempherera "thee", Petro yekha. Baibulo la Revised Standard Version (RSV) la 1952 linasunga "thou" polankhula ndi Mulungu pokha. NRSV, kope lake lokonzedwanso la 1989, linachotseratu.

Opemphera nawo lero amaphonya pa mneni. Wochita ndi "thou", wochitiridwa ndi "thee", ndipo mneni wake amathera ndi -st kapena -t: "thou hast", "thou art". "Hath" ngwa munthu wachitatu, choncho "thou hath" n'kulakwitsa.