Ukazembe wa ku America: ena amalowera pa mayeso, ena pa cheke cha kampeni

Pa 2 July 1881 pulezidenti wa America, James Garfield, anawomberedwa pa siteshoni ya sitima mu mzinda wa Washington ndipo anavutika ndi balalo mpaka kumwalira mu September chaka chomwecho. Amene anamuwombera, Charles Guiteau, sanali mdani wochokera kunja ayi, anali munthu wodzitcha wachipani chake chomwe amene ankakhulupirira zoti mawu ena amene analemba nthawi ya kampeni ndi amene anawinitsa Garfield, nde boma limuthokoze pomutumiza ku Paris akakhale consul. Ntchitoyo sanaiphunzirepo. Ankangokhalira kuzungulira ku White House ndi ku unduna wa zakunja mpaka nduna yake, James Blaine, inatopa naye nkumuuza kuti asadzatchulenso nkhaniyi. Mutu wa mkuluyu sunkayenda bwino, zimenezo nzoona, koma chimene ankapemphacho sichinali chachilendo nthawi imeneyo, ntchito zimenezi zinkapezeka choncho basi.

Kuyambira nthawi ya Andrew Jackson, amene analowa m'boma mu 1829, chipani chikawina chisankho chinkasesa anthu m'maofesi nkuikamo ake, ndipo senator wina, William Marcy, ananena poyera mu 1832 kuti zofunkha ndi za amene wapambana nkhondo. Ntchito zakunja zinali mbali ziwiri zosagwirizana. Kunali ma consul, awa ankakhala m'madoko kusaina mapepala a katundu wa amalonda ndi kuthandiza amalinyero amene asowa mtengo wogwira, ndipo ambiri analibe salale yeniyeni, ankadyera ndalama zimene ankalipiritsa anthu pa siginecha iliyonse. Doko likakhala la malonda ambiri ngati Liverpool ndiye kuti walemera. Franklin Pierce atawina upulezidenti anapereka Liverpool yomweyo mu 1853 kwa Nathaniel Hawthorne, mnzake wa ku koleji amene anamulembera kabuku komutamanda nthawi ya kampeni. Mbali inayo inali ya okambirana ndi maboma m'malikulu a mayiko, kumeneko salale inali yochepa moti ankakwanitsa ndi ana a anthu olemera okha, odutsira ku Harvard, Yale kaya Princeton, amene ankapita kunja ndi ndalama za makolo awo. Magulu awiriwa ankanyozana, awa akuti anzawo ndi makalaliki a pa doko, awa akuti anzawo ntchito yawo ndi kumwa tiyi.

Imfa ya Garfield inabala lamulo la Pendleton mu 1883, lonena kuti ntchito zina za boma zizilowedwa pa mayeso, koma chodabwitsa nchakuti ma consul ndi akazembe, pomwe panayambira nkhani yonse, lamuloli silinawakhudze. Amene anakankha zenizeni anali anthu a bizinesi. Mafakitale a ku America anayamba kupanga katundu wochuluka kuposa amene akanagulidwa kwawo, ankafuna misika kunja, ndiye akalembera consul kufunsa za msika wa ku dera lake amapeza kuti munthuyo chilankhulo cha kumeneko sadziwa ndipo pakatha zaka zinayi achoka kubwera wina woyambiranso pa ziro. Grover Cleveland anayambitsa timayeso ta ma consul ena mu 1895, kenako mu 1906, nthawi ya Theodore Roosevelt ndi nduna yake Elihu Root, ma consul anaikidwa pa salale, ndalama za siginecha zija zinayamba kupita ku thumba la boma, nkukhazikitsanso anthu oyendera maofesi kuona ngati ntchito ikugwirika.

Kuseri kwa zonsezi kunali munthu wina amene sanali wandale nkomwe, Wilbur Carr, mnyamata wa ku Ohio amene analowa mu undunawu mu 1892 ngati kalaliki wamba nkumakwera pang'onopang'ono mpaka kuyang'anira ma consul onse. Iyeyu ndi amene anagwira ntchito yaikulu pokonza bilu imene phungu wa ku Massachusetts, John Jacob Rogers, anaitengera ku nyumba ya malamulo, ndipo inasainidwa pa 24 May 1924. Lamulo la Rogers linaphatikiza magulu awiri aja kukhala gulu limodzi lotchedwa Foreign Service: kulowa ndi mayeso olemba komanso intaviyu, kukwezedwa potengera ntchito, penshoni ukapuma, ndi kasukulu kophunzitsa olowa kumene. Koma taonani pamene lamuloli linalekezera. Linakonza masitepe onse a m'munsi, mpando wa kazembe weniweniyo linausiya m'manja mwa pulezidenti ngati kale.

Komanso musaganize kuti mayeso anatsegulira aliyense chitseko mofanana. Clifton Wharton, munthu wakuda woyamba kukhoza mayesowa mu 1925, sanamulole nkomwe kukhala mkalasi ndi anzake, anangomutumiza msangamsanga ku Monrovia ku Liberia, ndipo zaka zambiri ankangomuzungulitsa ku Liberia, ku zilumba za Canary ndi ku Madagascar. Anapirira mpaka kudzakhala kazembe ku Norway mu 1961. Azimayi nawo, ukangokwatiwa unkayenera kusiya ntchito, ndipo zimenezi zinatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, dzulodzuloli.

Sukulu yeniyeni inabwera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, America itazindikira kuti tsopano ili ndi zochita pafupifupi dziko lililonse koma anthu odziwa mayikowo ilibe. Lamulo la 1946 linakhazikitsa Foreign Service Institute, imene inatsegulidwa mu March 1947 nduna ya zakunja ali George Marshall. Lamulo lomwelo linabweretsa dongosolo lobwereka kwa asilikali apamadzi loti ukakhala pa giredi imodzi zaka zoikika osakwezedwa, uzilongedza. Nkhanza ndithu, koma zimachotsa anthu ongodikira penshoni.

Chimene sukuluyi inatchuka nacho kwambiri ndi zilankhulo. Anatengera njira imene asilikali ankagwiritsa ntchito nthawi ya nkhondo, kalasi ya anthu ochepa, mphunzitsi ndi mwini chilankhulocho amene akukubwerezetsa mawu mpaka lilime lizolowere, ndiye pambali pali katswiri wa zilankhulo wofotokoza malamulo ake. Lero amaphunzitsa zilankhulo zoposa 60 ku malo awo a ku Arlington ku Virginia, komwe anasamukira mu 1993, ndipo anachita kuwerengera nthawi imene munthu wolankhula Chingerezi amafunika: Chifalansa kapena Chisipanishi ndi masabata 24 mpaka 30, Chiswahili masabata 36, pomwe Chiarabu, Chitchaina, Chijapani ndi Chikoreya ndi masabata 88. Tangoganizani, munthu wamkulu wa banja lake, ali pa salale ya boma, ntchito yake kwa zaka pafupifupi ziwiri ndi kuphunzira chilankhulo basi, pamapeto nkuyesedwa pa sikelo ya 0 mpaka 5 ndipo pa mipando yambiri amafuna 3. Ndipo chathuchi sanachisiye, mu 1965, patangotha chaka chimodzi Malawi atalandira ufulu, sukulu yomweyi inatulutsa buku lophunzitsira Chinyanja limene katswiri wawo Earl Stevick anakonza pamodzi ndi anzake, nthawi imene achinyamata a Peace Corps anali atayamba kubwera kuno.

Vuto limene silinathe ndi la nthawi. Kuti munthu apite ku kosi ya chaka ndiye kuti desiki yake ikhala yopanda munthu, nde mabwana amakakamira anthu awo. Colin Powell atakhala nduna mu 2001 zinamudabwitsa kwambiri chifukwa iye anachokera ku usilikali, komwe ofesala amabwerera ku sukulu pafupifupi pa sitepe iliyonse asanakwezedwe. Anapempha ndalama nkulemba anthu owonjezera oposa 1,000 ndi cholinga choti nthawi zonse pazikhala ena amene ali mkalasi ntchito osaima, anakakamizanso kuti ofuna kukwezedwa azichita kaye maphunziro a utsogoleri. Maganizo abwino, koma nkhondo za ku Afghanistan ndi Iraq zinameza anthu owonjezera aja, ambiri anathera kudzaza mipando yatsopano.

Tsopano zonse ndafotokozazi ndi za anthu olowera khomo la mayeso. Khomo linalo silinatsekedwepo. Mu 1957 Dwight Eisenhower anasankha Maxwell Gluck, mwini mashopu a zovala za azimayi amene ankathandiza chipani ndi ndalama, kuti akakhale kazembe ku Ceylon, imene pano ndi Sri Lanka. Kumeneko Senate ndi imene imavomereza akazembe, monga imachitira komiti yoona za maudindo a boma ya PAC (Public Appointments Committee) ku Nyumba ya Malamulo kwathu kuno, ndiye senator William Fulbright atamufunsa dzina la nduna yaikulu ya dziko limene akupitalo, bambowo analephera kulitchula. Anamuvomereza ndithu, anapita. Nthawi ya Richard Nixon ndiye zinafika poipa, Ruth Farkas anapereka madola 300,000 ku kampeni ya 1972 nkupatsidwa Luxembourg, ndipo loya wa Nixon, Herbert Kalmbach, analowa mndende mu 1974, umodzi mwa milandu yake unali wolonjeza munthu ukazembe posinthana ndi madola 100,000.

Manyazi amenewa ndi ena mwa zimene zinachititsa kuti lamulo la 1980, limene anasaina Jimmy Carter, lilembe mosabisa kuti kazembe akhale munthu wodziwa ntchito, wodziwako chilankhulo ndi mbiri ya dziko limene akupita, kuti mipandoyi kawirikawiri izipita kwa anthu a mu Foreign Service, komanso kuti ndalama za kampeni zisakhale chifukwa chosankhira munthu. Mawu okoma kwabasi, koma mano alibe, chifukwa malamulo aakulu a dzikolo amapereka mphamvu yosankha akazembe kwa pulezidenti ndipo palibe chipani chimene chikufuna kudzimanga manja. Chichokereni nthawi imeneyo, kwa zaka zambiri akazembe pafupifupi atatu mwa khumi aliwonse ankakhala osankhidwa pa ndale, kaya chikulamula chipani cha Democrat kaya cha Republican, ndipo mu teremu yoyamba ya Donald Trump anapitirira anayi mwa khumi. Gordon Sondland, mwini mahotela, anapereka madola 1 miliyoni ku mwambo wolumbiritsa Trump ndipo mu 2018 anali kazembe ku European Union.

Oikira kumbuyo mchitidwewu ali ndi mfundo zawo ndipo sizonse zopanda pake. Amati kazembe amene angaimbire pulezidenti foni mwachindunji amathandiza kuposa katswiri amene lipoti lake lidutsa madesiki khumi. Amatinso malo ngati London ndi Paris amadya ndalama zambiri pa maphwando kuposa zimene boma limapereka, moti Walter Annenberg atatumizidwa ku London mu 1969 anakonzetsa nyumba ya kazembe ndi ndalama za mthumba mwake. Ndipo ena osankhidwa pa ndale anagwiradi ntchito, Mike Mansfield anakhala ku Japan kuyambira 1977 mpaka 1988 akulemekezedwa mbali zonse. Koma ine pamene ndimaona kuti mfundozi zikuperewera ndi pa mapu. Opereka ndalama amapita ku Western Europe ndi ku zilumba za Caribbean, pomwe kumene kuli nkhondo, njala kaya zokambirana zovuta amatumizako ophunzira aja. Ngakhale ku Lilongwe kuno, Jeanine Jackson, Virginia Palmer, Robert Scott, David Young, onsewa ndi anthu a ntchito amene anakwera masitepe kwa zaka zambiri. Ndiye kuti boma lenilenilo likudziwa kuti maphunziro aja ndi ofunika, limangosankha malo oti kumeneko zilibe kanthu.

Ndipo zilibe kanthu chifukwa pansi pa kazembe wandale aliyense amaikapo wachiwiri wake wochokera mu Foreign Service, amene wadutsa makosi onse aja. Bwanayo amangochita semina ya masabata ochepa osakwana ndi mwezi womwe, kumuuza mmene embassy imayendera ndi zoyenera kupewa polankhula, basi wanyamuka. Zimakhala ngati minibasi imene chiwongolero wagwira ndi mphwake wa mwini galimoto koma msewu akuudziwa ndi kondakitala.

Mu January 2014 George Tsunis, mwini mahotela winanso amene anasonkhetsa ndalama zambiri za kampeni ya Barack Obama, anakaonekera ku Senate kuti apite ku Norway. Ku Norway anali asanapondeko, anatchula za pulezidenti wa dzikolo pomwe kuli mfumu ndi nduna yaikulu, kenako chipani cha Progress anachinena ngati kagulu ka anthu osokoneza osadziwa kuti chili m'boma la mgwirizano, mpaka senator John McCain anachita kumukonza pomwepo. Anthu a ku America ochokera ku mtundu wa Norway, makamaka a ku Minnesota, anakwiya, masenator awo anakana kumuvotera, ndipo pakutha pa chakacho nkhani ya Norway inafera pomwepo. Mu 2022 Joe Biden anamutumiza ku Greece, Senate inavomereza.