Shuga wa muukalamba: majini sasintha, koma kagwiridwe kake ka ntchito

Anthu ambiri amati shuga akakwera munthu atakula, ndiye kuti kapamba watha basi, ndipo poti ndi za kumtundu palibe chochita. Sizili choncho.

Insulini, yomwe imatsitsa shuga m'magazi, imapangidwa ndi maselo a beta, amene amakhala m'timagulu tosapitirira magawo 2 pa 100 a kapamba. Majini a maselowa, kutanthauza malangizo olembedwa mu DNA, amakhala omwewo moyo wonse. Chimene chimasintha ndi chakuti ena amagwira ntchito mopitirira, ena amazilala. Jini ya CDKN2A imapangitsa puloteni ya p16, imene imachuluka munthu akamakula n'kumaletsa maselo a beta kugawikana. Choncho thupi likafuna insulini yambiri, maselowa sachulukanso ngati paubwana. Pamene minofu ikuchepa ndipo mafuta a pamimba akuchuluka, thupi silimvera bwino insulini, ndiye kapamba amalemedwa.

Apa ndi pofunika kusamala: kwa achikulire, shuga amayamba kukwera akadya, pomwe wa m'mawa asanadye angaoneke wabwinobwino. N'chifukwa chake kuyeza patatha maola 2 munthu atamwa magalamu 75 a glucose (mtundu wa shuga) kumathandiza. Kuyambira 7.8 mmol/L (muyeso wa shuga m'magazi) ndi chenjezo, 11.1 kapena kuposa ndi matenda a shuga.

Pa kafukufuku wa Diabetes Prevention Program ku United States, wofalitsidwa mu 2002, anthu analimbikitsidwa kuchepetsa kulemera ndi 7 peresenti ndi kuchita zolimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata. Kwa a zaka 60 kupita m'tsogolo, chiopsezo chodwala chinatsika ndi 71 peresenti, kuposa kwa a zaka zocheperapo.